Mphete ya Malemu pa Khosi la Mayi Musagwedeze

Inu anthu, manyazi mulibe? Oimba mumawadziwa, omenya mpira mumawadziwa, ngakhale mbava zotchuka mumazitchula maina, koma ndikati Mayi Musagwedeze mungoti kukamwa yasa. Ameneyo ndi mpongozi wanga, mkazi wa malemu mwana wanga. Wagwira ntchito ku yunivesite zaka makumi awiri ndi zitatu, m'chipinda chapansi chopanda zenera, ndipo inu mumamuponda zala pabasi osapepesa. Lembani, aphunzitsi. Ine sukulu sindinaiponde, koma pakamwa ndili napo. Ndipo musandikonzere mawu, ntchito yokonza ana munapuma kalekale.

Poyamba sindinamufune, ndinene zoona. Mwana wanga anali woyendetsa basi, munthu waphokoso, akaseka mbale zinkalira pashelefu. Ndiye akundibweretsera kamkazi kachete, kowonda, tizala ngati timitengo ta machesi. Ndinati ameneyu chidebe adzachinyamula? Bambo ake anali okonza mawotchi pakhonde la sitolo, ndipo iye anakulira pomwepo, kutola tizitsulo toti ine ndinkayesa fumbi. Ku yunivesite analowa ngati wotsuka mabotolo. Tsiku lina Pulofesa anamupeza pa nkhomaliro akukonza wotchi ya mlonda. Anaima, kuyang'ana manjawo. Sabata yotsatira anamulowetsa m'chipinda cha leza, makina otulutsa kuwala kwamphamvu, n'kumutumiza kukaphunzira madzulo.

M'chipindamo ndinalowamo kamodzi kokha. Tinali tikuchokera kuchipatala ndi mawondo angawa, foni yake n'kulira kuti zinthu zasokonekera, ndipo analibe pondisiya. Tinatsika masitepe. Pamwamba pa chitseko babu lofiira, pansi kamphasa komata nsapato, pambali kashelefu, ndipo pakashelefupo kambale ka kapu ya tiyi kobenthuka. Mpongozi anavula mphete, wotchi, ndolo, zonse m'kambalemo. Kenako akutambasula dzanja kwa ine.

"Chibangili, amayi."

"Kodi mukundilowetsa kundende?"

"Chilichonse chonyezimira chimatha kupatutsa kuwala n'kukuponyerani m'diso. Valani magalasi awa, musawavule. Ndipo musawerame. Chinthu chikagwa pansi, chisiyeni chigone."

Mawu amenewo muwatsekere mzere kunsi, aphunzitsi. Anandiuza ine ndi makutu anga awiri, masana, ndili bwinobwino.

Mkatimo kuzizira ngati mufiriji, makina ali ng'u ng'u ng'u osapuma. Pakati tebulo lachitsulo, kukula ngati mabedi awiri, lobowokabowoka, ndipo pamwamba pake tikalilole tating'ono ngati mabatani a jekete, kalikonse pakamwendo kake, titangoti ndondondo ngati anthu pamzere wa mankhwala. Ophunzira a Pulofesa, azibambo ndevu pepeya ndi azimayi a mabanja, ataima manja kumbuyo ngati pamanda. Ine mawondo akundiwawa, ndinati nditsamire pang'ono patebulopo. Anthu anayi pakamodzi: "Agogo, musagwedeze!" Mpamene ndinadziwa kumene dzina lake linachokera. Akuti ndiwo anali moni wake kwa aliyense wolowa, ngakhale Pulofesa.

Ndinati, "Nanga kuwala kwanuko kuli kuti? Ine ndikungoona mdima wodula."

Anatenga kakhadi, n'kukaika m'malere pakati pa tikalilole tiwiri. Pakakhadipo panatuluka kadontho kowala. Anachotsa, zii, palibe kanthu. Akuti kuwalako maso a munthu amangokuona mofiirira pang'ono, ngati khala loti lazima, pamene mphamvu yake ingaboole lumo.

Kumapeto kwa tebulo kunali chimphika chachitsulo chokhala ndi timazenera. Anandiimika pamenepo.

"Umu mpweya tinaupopa wonse, amayi. Timangolowetsamo pang'ono wa m'botolo ilo. Mpweya, monga china chilichonse, ndi tizidutswa totchedwa maatomu. Atomu ili ndi pakati polemera, ndipo mozungulira muli maelekitironi amene imawagwira zolimba."

"Ngati thadzi ndi anapiye."

"Tingatero. Ndiye kuwala kwathu sikubwera kosalekeza ngati kwa tochi. Kumabwera modukiza, kachikwi pa sekondi imodzi, ndipo kulikonse n'kwakufupi zedi. Kutati kutalike ngati kuphethira kwanu kumodzi, ndiye kuti kuphethira kwanuko kutenga zaka zikwi zana."

"Apongozi, bodza si tchimo kuno?"

"Ndi zoona. Poti mphamvu yonse yaunjikana m'kanthawi kochepa choncho, ikafika pa atomu imakoka kuposa mmene atomu imagwirira. Elekitironi imodzi imazuka."

"Ndiye ndinu akabawi. Boma limakulipirani kuti muzifwamba anapiye."

Ophunzira aja anaseka atagwira pakamwa kuopa kugwedeza. Iye anapitiriza ngati sanamve. Akuti kuwalako kumakokera uku, kenako n'kutembenuka kukokera uko, ndiye elekitironi yozuka ija imaponyedwa kutali n'kubwezedwanso. Zochepa zimabwerera kwa make ndi liwiro, kugundana naye, n'kutulutsa kuwala kwina. Zambiri zimaphonya, zimapitirira, n'kukagwa pa kachitsulo kowerengera, kamene kamanena kuti iyi yathamanga chonchi, yalowera uku.

"Mukawerenga?"

"Pulofesa amalemba."

"Nanga inu?"

"Ine ndimaonetsetsa kuti kuwala kwafika."

Kuwalako kumadutsa pa tikalilole makumi atatu ndi kamodzi kusanafike mumphika muja. Kamodzi kakasuntha ngati tsitsi, basi, zonse zathera panjira. Tsiku limenelo n'zimene zinachitika, ndipo anthu a madigiri anali atavutika kuyambira m'mawa. Mpongozi anayenda ndi kakhadi kake, kuima apa, kuima apo, mutu kupendeka ngati akumvetsera mwana akupuma. Anagwira kachitsulo kotembenuzira kalilole mmodzi. Ine chala sindinachione chikusuntha. Koma pa kompyuta timadontho tinayamba kuwaza ngati mvula yoyamba, n'kupanga mizere yozungulira monga mwala ukagwa padziwe. Pobwerera pabasi ndinakhala chete mpaka kunyumba, chinthu choti sichinachitikepo chibadwire.

Mapepala a Pulofesa amapita kutali, anthu amamuimirira m'misonkhano. Dzina la mpongozi wanga limakhala pansi penipeni, tizilembo ngati nyerere, pamene amati tikuthokoza. Munandiwerengera ndinu, aphunzitsi, mpaka munasintha magalasi.

Tsopano ndifike poipa. Mwana wanga anagwa padepoti m'mawa akupukuta galasi la basi. Mtima. Sanatsanzike. Mdzukulu wanga anali atakwatiwa kale kutauni ina, ndiye m'nyumba tinatsala awiri, ine ndi mpongozi. Achibale ankati apite kwawo, kapena ine ndipite kwa mwana wanga wina. Iye anangoti, "Amayi mawondo awo anazolowera masitepe ano." Nkhani inathera pomwepo.

Koma anali ndi vuto limodzi. Mphete yake ankaiiwala m'kambale kaja. Mwamuna wake ali moyo zinali zoseketsa, ankati, "Mkazi wanga amandisudzula m'mawa uliwonse, madzulo n'kundikwatiranso." Atamwalira sizinaseketsenso. Tsiku lina ndikugula sopo, mayi wa pagolosale akundipatsa chenji akuti, "Agogo, apongozi anu chala chili mbee. Asaka kale? Komatu achangu." Ndinamuyankha zoti sitingalembe. Koma mawuwo ndinabwera nawo kunyumba, anandikhala pachifuwa.

Mphete ya mwana wanga anandipatsa kuchipatala mu envulopu. Yaikulu, yophwatalala pamwamba, yonyezimira chifukwa ankaipukuta pamalaya akaima pamaloboti. Ndinaimangirira pa ulusi wakuda wolimba.

"Apongozi, valani iyi pakhosi."

"Amayi, kuntchito mukukudziwa."

"Mkati mwa bulauzi. Kapena kuwala kwanuko kumavula anthu?"

Anailandira. "Ndizikaivula pakhomo."

Miyezi ingapo zinkayenda choncho. Ndiye Lachisanu lina anabwera khosi lili lokha. Anaiiwala m'kambale, ndipo nyumba ya kuntchito ija amaikiya mpaka Lolemba. Aphunzitsi, inu munamva nokha kudzera kukhomaku, musayerekeze kuti munali mukuwerenga nyuzi. Ndinayankhula. Ndinati mwana wanga mwamusiya m'kambale kobenthuka ngati munga wa nsomba. Ndinati mwina Pulofesa sakonda kuona mphete ya mwamuna mnzake. Ndinati mwana wa wokonza mawotchi amadziwa nthawi yolira ndi nthawi yoleka. Lembani zonse, musadumphe. Chakudya ndinakana masiku atatu, iye akubweretsa mbale, kuchotsa, kubweretsa ina. Lolemba madzulo anabwera mphete ili pakhosi, anakhala pansi pafupi ndi mapazi anga, n'kunena kuti, "Sindidzaivulanso, amayi. Idyani."

Ndinadya. Ndinakhuta ndithu, n'kumadziona wopambana. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Angawa atagonera anasasa.

Mwana ameneyu akanena chinthu wanena. Miyezi isanu ankalowa m'chipinda chija mphete ili mkati mwa bulauzi, ndolo, wotchi ndi mphete yake ya pachala zokha m'kambale. Iye, amene ankabweza Pulofesa pakhomo chifukwa cha cholembera chachitsulo pathumba.

Pali chinthu china choti mumve. Magalasi oteteza aja amatchinga mtundu womwewo wa kuwala umene munthu akufuna auone kuti aulondole. Ndiye akakhala pamalo povuta, pamene kakhadi sikafika, akale pantchito amakankhira magalasi pachipumi kamphindi, kusuzumira kadontho kofiirira kaja, n'kuwatsitsanso. Watsopano sangayerekeze, amaopa. Amatero ndi odziwa, amene kuwala kulikonse patebulo amadziwa kumene kukuchokera ndi kumene kukupita. Ndipo iye ankadziwadi. Chimene sanawerengere ndi kalilole wa makumi atatu ndi chiwiri amene ndinamumangirira ine.

Linali Lachiwiri, cha m'ma teni m'mawa. Anakweza magalasi, n'kunyanyamphira patebulo kuti afikire kalilole wakutali. Ulusi unasolokoka pakolala. Mphete inalendewera, n'kudutsa m'njira ya kuwala.

Akuti anamva kaphokoso m'mutu, kakuti tha, ngati munthu wathyola chala. Kupweteka ayi. Kenako m'diso lakumanja munayamba kufalikira kofiirira ngati tiyi akamalowerera m'madzi. Mukudziwa chimene anayamba kuchita? Anatseka kuwala. Anabwezera mphete mkati. Anauza ophunzira kuti, "Kalilole uyo ndamusiya pakati, musamugwire." Kenako mpamene anati, "Wina andiperekeze kuchipatala."

Anadzanditenga ndi mlonda, yemwe uja wa wotchi. Ndinamupeza mpongozi atakhala pampando, chibwano chili pamakina, dokotala wa maso akuyang'ana chithunzi. Chithunzicho chinali chozungulira, chofiira ngati dzungu lakupsa, timitsempha tili yangayanga, ndipo pakati penipeni kadontho kakuda. Dokotala akuti diso lokha limasonkhanitsa kuwala n'kukuika pamalo amodzi, pomwe timawerengera ndi kuzindikirira nkhope, ndipo mpomwe panamenyedwa. Akuti sikupsa ngati kwa moto, n'kung'ambika.

Mpongozi anati, "Zija timachita ndi mpweya zija, amayi. Lero mpweya ndinali ine."

"Nanga chikope chinali kuti? Sichikanatseka?"

"Chikope n'chaulesi. Uthenga usanachifike, kuwala kunali kutalowa kale."

"Koma zozukazo zibwerera. Munanena nokha kuti zimabwerera kwa make."

Dokotala anayamba kuyang'ana cholembera chake. Mpongozi anati, "Ndinati zochepa, amayi. Komanso diso si mpweya. Pong'ambika pamachita chipsera."

Ndinamugwira dokotala mkono. Ndinati, "Tengani langa. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi zinayi, ulusi pasingano ndimalowetsa ndekha mpaka lero. Ndaona zokwanira, zambiri n'zopusa. Kolowolani lomwe mukufuna." Anandiyankha mwaulemu kuti kutsogolo kwa diso amasintha, koma kumbuyo kuja palibe amene amafikako ndi chatsopano. Akuti tidikire miyezi itatu magazi aphwe, tione chotsala.

Miyezi itatu imeneyo ndinachita zonse zimene nkhalamba yopanda nzeru ingachite. Ndinapemphera mpaka mawondo omwewa anatupa. Ndinaitana amayi akutchalitchi, anaimba, anamwa tiyi wathu, anapita. Wina anati makaroti amathandiza maso, ndinamudyetsa makaroti mpaka anati, "Amayi, mundisandutsa mbuzi." M'mawa uliwonse ndinkamuphimba diso lamanzere ndi chikhatho, n'kuima patsogolo pake.

"Mukuona chiyani?"

"Duku lanu ndikuliona. Mapewa ndikuwaona. Zenera kumbuyo kwanu."

"Nkhope?"

"Palibe. Pakamwa pomwe palibe. Diso ili lokha ndi limene lapuma m'nyumba muno."

Ankaseka. Ine ndinkapita kubafa kukatsegula mpopi kuti asandimve.

Magazi anaphwa. Kadontho kanatsala.

Kuntchito anamuitanitsa pamaso pa akuluakulu asanu, kuphatikizapo mkulu woona za ngozi. Ine sanandiuze tsiku. Ndinangoona wabwera ndi pepala, walisiya patebulo, ndipo atapita kukasamba ndinathamanga nalo kwa inu, aphunzitsi. Mukukumbuka. Anamufunsa chimene chinachitika, iye anati ndinakweza magalasi. Anamufunsa chimene chinapatutsa kuwala, anati mphete. Anamufunsa chifukwa chimene analowera nayo, anati ndinaiwala. Mawu amodzi amenewo basi. Pansi pake analemba kuti ngoziyi inadza chifukwa cha kusasamala kwa wogwira ntchito, ndipo sadzaloledwanso m'chipinda kuwala kukayaka. Iye n'kusaina.

Kusasamala! Munthu woti supuni amaziika zoyang'ana mbali imodzi!

M'mawa mwake, iye atapita kukaonana ndi dokotala, ndinavala diresi langa la kutchalitchi, n'kukwera mabasi awiri ndekha. Pageti mlonda anandidziwa. Pa ofesi mlembi wa Pulofesa anati, "Muli ndi nthawi yokumana nawo?" Ndinati, "Mwana iwe, ine nthawi yanga yatha, ndiye ndikulowa." Ndinalowa.

Pulofesa ndi munthu wamtali, wadazi, malaya otuluka mbali imodzi. Anaimirira. "Agogo, khalani."

"Sindine agogo anu, ndinu wamkulu kale. Ndabwera kuti mulembe dzina langa papepala lija. Mphete ija ndinamumangirira ndine. Anakana, ndinamutukwana. Ndinakutukwaninso inu, mukafuna kudziwa. Sanaiwale kanthu mwana uja, chibadwire sanaiwalepo ngakhale mchere. Fufutani, mulembe kuti nkhalamba. Mukafuna kundimanga, ndabwera ndi juzi."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kuphimba nkhope ndi manja. Ndinati eya, tsopano ayambe kukana, ndimuonetse. Koma anangoti, "Ndinadziwa kuti sanaiwale."

"Ndiye mubwezereni patebulo."

"Mayi, ngakhale titalemba dzina lanu ndi zilembo zazikulu, diso latsala limodzi. Likapita limenelo? Ndani asaine kuti alowe? Inu musaina?"

Ndinakhala pampando.

Anapitiriza kuti, "Mukuyesa sindikumufuna? Miyezi itatu sitinawerenge kanthu kolongosoka. Ndabweretsa katswiri wochokera kukampani yopanga makinawa, wakhala sabata, wapita, patatha masiku awiri zasokonekeranso. Magalasi aja inenso ndimakweza. Tonse timakweza. Zinangogwera iye."

"Ndiye chotsani mawu oti kusasamala."

"Ndinapempha. Anati mwini wake anasaina. Ndinamuuza kuti anene zoona, anati zoona zake n'zomwezo."

Anaitanitsa tiyi. Ine ndinapita ndi mkangano wodzaza thumba, n'kusowa woupatsa. Munthu ungamenyane naye bwanji akukuthirira shuga, maso ali psuu? Ndinamwa tiyiyo, wozizira, n'kukwera mabasi anga awiri.

Kunyumba ndinapeza mpongozi wamva kale, mlonda anamuimbira. Anali kukhitchini akusenda anyezi, mutu ataupendeketsa monga amachitira masiku ano.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

"Munanamiranji?"

"Magalasi munakweza ndinu?"

"Ayi."

"Ndiye khalani pansi, mawondo atupa."

Ndinati, "Iwe mwanawe, nditukwane. Ndikupempha. Nditchule mfiti, nditchule galu, undithamangitse ndipite kwa mlamu wako. Usandiphikire."

Zaka zonsezi ndinali ndisanamutchulepo iwe. Anaika mpeni pansi. Ndinati lero zituluka, ndipo ndinakonzeka kuzilandira ndi manja awiri. Anasolola ulusi uja pakhosi, poti anali akuvalabe, kudutsitsa pamutu, n'kundiika mphete m'manja. Yosalala, yonyezimira, yopanda ngakhale kachipsera. Anandipinda zala.

"Inenso ndinkafuna kuivala," anatero. "Musatenge zonse, amayi. Zina n'zanga."

N'kutenganso mpeni wake. Ndiye ndiuzeni, aphunzitsi, inu ophunzira, munthu wotere ndimutani? Wokutukwana umamubwezera, mumathana, mumagona. Uyu m'mawa amandipaka mankhwala m'mawondo.

Ntchito sanamuchotse, ndisawanamizire. Anamuikira desiki pakhonde, kunja kwa chitseko cha babu lofiira, pafupi ndi kashelefu kaja. Amapereka magalasi ndi magolovesi, amatsuka tikalilole akamubweretsera, amaitanitsa mabotolo a mpweya. Aliyense wolowa amamuimitsa, kumuona zala, makutu, kenako amati, "Tsegulani kolala." Ngakhale Pulofesa amatsegula. Zikasokonekera mkatimo amatuluka ndi chithunzi pafoni, iye n'kuyang'ana ndi diso lake limodzi, n'kunena kuti, "Wachisanu ndi chiwiri, mutembenuzire kumanzere, pang'ono." Amalowa, amatembenuza, amatuluka: "Zaipiraipira, mayi." Iye amati, "Ndinati pang'ono." Koma pang'ono wa iye ali m'chala, sanenedwa pakamwa. Akuti nthawi zina amapeza zala zake zikutembenuza chivindikiro cha cholembera pansi pa desiki.

Kunyumba kuno, akatopa, tiyi amathira pambali pa kapu. Ine ndimapukuta msanga, iye amayerekeza kuti sanaone. Singano ndimamulowetsera ndine. Mayi wa pagolosale uja tsiku lina akuti, "Agogo, apongozi ali bwanji, tinamva za ngozi." Ndinamuyang'ana, mawu onse ali pa lilime, koma ndinakumbuka kuti iye anangoyankhula kamodzi, womanga ulusi anali wina. Ndinalipira sopo wanga n'kutuluka.

Ndati mulembe kuti pakhale pepala lina, poti lija la ku ofesi likunama ndipo lidzakhala m'kabati ine nditapita. Iye sakudziwa kuti tikulemba. Akadziwa adzangoti mwawononga inki ya aphunzitsi.

Chaka chatha tsopano. Diso lakumanja silinachire ndipo dokotala wati tisabwerenso pokhapokha linalo likavuta. Patebulo analembapo munthu wina. Pepala la kusasamala silinasinthidwe. Mphete ili m'chitini mwanga, pansi pa mabatani. Mpongozi wanga amadzuka faifi koloko, amandisiyira madzi otentha, amakwera basi ya sikisi, n'kukakhala kunja kwa chitseko.